"Everyone must bring his book": tichonge kapena tikhwatche?

Wa Fomu 2: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Mabuku akale a galamala amati tizilemba "Everyone must bring his book", ngakhale m'kalasimo atsikana atachuluka. Ophunzira ena akulemba "their book". Cholondola n'chiti?

Wa Galamala: Wolemba "their" musamukhwatche. Zoti "he" aziimira amuna ndi akazi omwe zinachita kukhazikitsidwa ndi anthu. Mayi wina wa ku England, Ann Fisher, anazilemba m'buku lake la galamala mu 1745, ndipo mu 1850 nyumba ya malamulo ya ku Britain inagamula kuti m'malamulo mawu onena za mwamuna aziphatikizanso mkazi. Komatu "they" wonena munthu mmodzi analipo kale m'zaka za m'ma 1300, ndipo bungwe la ku America la APA, lomwe limatulutsa malangizo a kalembedwe ka nkhani za kafukufuku, linamuvomereza mu 2019. Taonani ma question tag amene timaphunzitsa tokha: "Everybody came, didn't they?" Alipo amene amalembapo "didn't he"?

Mayi Mphunzitsi: Zoona achimwene, koma samalani ndi kaphunzitsidwe kake. Pa Chichewa "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi, n'chifukwa chake ana amasokoneza "he" ndi "she". Ndiye pali ulemu wathu uja: timati "Amayi abwera", mwana n'kulemba "My mother they have come". Mukangomuuza kuti "they" amagwiranso pa munthu mmodzi, basi mwamupatsa chilolezo cholakwitsa.

Yambani ndi "he" ndi "she" pa munthu wodziwika, mpaka zikhazikike. Kenako lowetsani "they" pambuyo pa "everyone", "someone", "nobody", kapena pamene sitikudziwa ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Pomwe ambiri amagwa ndi pa mneni: "Someone has left their bag, they have to come back." Choyamba "has", chachiwiri "have". Mukalumpha apa muwerenga "everyone have" chaka chonse.

Wa ku Sekondale: Pa mayeso a MANEB njira yosapikisana ndi wochonga ndi kuchulukitsa: "All students must bring their books." Naye "his or her" ndi bwino kamodzi, koma akabwera katatu m'ndime imodzi chiganizo chimalemera.

Muonenso zitsanzo zanu pa bolodi. Dokotala akangokhala "he" ndipo namwino "she" tsiku lililonse, galamala ili bwino koma tsankho lalowa ndithu. Sinthanitsani, ndipo muwazoloweze "chairperson", "police officer" ndi "head teacher". M'kalata yopita kwa mayi amene simukudziwa ngati ali pabanja, alembe "Ms".