Mapositikadi akale a ku Burma akutuluka mizere ndikakulitsa

Felemu_Ndirande: Anzanga thandizeni, mutu waima. Kasitomala wabweretsa zithunzi zitatu zomwe agogo ake anabwera nazo kuchokera ku Burma, anali msilikali wa KAR (King's African Rifles) pa nkhondo yachiwiri ija. Akufuna zonse pa A2 akapachike pabalaza. Ziwiri ndi mapositikadi, 14 cm ndi 9 cm basi. Pa imodzi pali mayi akuimba zeze wa khosi lopindika, inayo ndi gulu la oimba, bambo wina wakhala pakati ng'oma zamuzungulira. Ndasikana pa 600 dpi, proof yatuluka mizeremizere ngati neti ya udzudzu. Chachitatu ndi chithunzi chenicheni chomata pa katoni, chachita chikasu, m'munsi analemba Klier. Akuti zithe pofika Loweruka.

MadalaWaMount: Osakulitsa. Positikadi anaipanga kuti munthu aionere m'manja. Ikani mu felemu yaikulu, mount (katoni yozungulira chithunzi) yotakata, nkhani yatha.

Chisomo_Prints: Achimwene, imeneyo ndi moire. Positikadiyo inasindikizidwa ndi timadontho, nde timadonthoto tikulimbana ndi scanner yanu. Sikanani pa 1200, tsegulani descreen (yosalaza timadonthoto), sharpening muzimitse. Ikakanabe ipendeketseni pang'ono pagalasi, mukaiwongola pa kompyuta. Koma dziwani kuti kuchoka pa 14 cm kufika 59 cm ya A2 mwakulitsa kanayi ndi kupitirira, nkhope sizituluka zakuthwa.

MadalaWaMount: Mwamva nokha? Kanayi. Ine ndanena kale.

KameraZomba: Cha Klier chija ndicho chikundiopsa. Philip Klier anali Mjeremani wojambula ku Rangoon, anamwalira 1911, ndiye mwina chithunzicho n'chakale kuposa agogowo. Ngati pepala lake ndi lopyapyala komanso lonyezimira pang'ono, ndi albumen, lija ankalipaka choyera cha dzira. Osapukuta ndi chonyowa chilichonse. Osayesa kuchimatula pa katoni. Osachipanikiza ndi chivundikiro cha scanner ngati chapindika, chimachita ming'alu. Chijambuleni ndi kamera pa tripod, nyali ziwiri m'mbali.

Tadala_Design: Bwanji osangoziponya mu AI upscale, pulogalamu yokulitsira zithunzi ija? Mphindi zisanu zatha.

Chisomo_Prints: Achemwali, AI imapeka zomwe sikuziona. Zeze ameneyo ndi saung, wa masiku ano ali ndi nsambo 16, akale ambiri anali ndi 13. Pulogalamuyo ikaona timizere tambiri chonchi imatiphatikiza kapena kuwonjezera tina, zala za woimba nazo imazisokoneza. Ine munthu wina anandibweretsera chithunzi cha bandi ya abambo ake chomwe anachikonzetsa kwina, gitala inatuluka ndi nsambo zosweka pakati, malemuwo nkhope ngati ya munthu wina. Mayi awo anakana kuti si amuna awo.

KameraZomba: Zoona. Ndipo ng'oma zozungulirazo ndi pat waing, zimafika 21, zimapachikidwa mkati mwa mpanda wamatabwa wosemasema, wina wopaka golide. Gulu lonse amati hsaing waing. Zosemazo ndi zomwe descreen imayamba kudya mukaikweza kwambiri. Kukongola kwa chithunzicho kuli pomwepo, mukazisalaza mwatsala ndi mpanda wamba.

MadalaWaMount: Nde mukulimbana ndi chiyani? Descreen ikudya, AI ikunama. Siyani chaching'ono chikhale chaching'ono. Ndayamba ntchito ino ena mwa inu musanabadwe.

Felemu_Ndirande: Madala ndakumvani, koma mwiniwake akufuna zazikulu, khoma lake ndi lalitali. Ndalama ya depoziti ndalandira kale.

MayiWaGalasi: Zilizonse mungachite, choyambiriracho musachiike pakhoma. Pachikani kope, chenichenicho chibwerere m'envelopu ya acid-free, ya pepala lopanda asidi. Albumen ikaona dzuwa imafwifwa, ndipo sizibwerera. Komanso musalole chithunzi chigunde galasi. Nyengo ya mvula chinyontho chimalowa, chimamatirira, mukamachotsa nkhope imatsala pagalasipo. Ndinalandirako chithunzi cha ukwati chotero, tinangoyang'anana ndi mwiniwake.

Tadala_Design: Nanga kuchita laminate kuti chitetezeke?

MayiWaGalasi: Ayi mwanangu, chonde. Kutentha ndi guluu wake, mwachipha. Selotepi kumbuyo nayonso ayi, imasiya banga labulauni.

Chisomo_Prints: Muuzeni avomere A3 pa pepala la matte, chikasu chija muchisiye, osachisandutsa black and white yoyera mbee. Akaima patali mamita awiri madonthowo saoneka. Canvas imabisanso.

MadalaWaMount: A3 ndi kukulitsabe.

KameraZomba: Canvas pa chithunzi cha zaka zoposa 100? Zimaoneka za mu hotelo. Koma funsani kasitomalayo ngati kuseri kwa mapositikadiwo kuli zolemba. Asilikali athu anali ku Kabaw Valley mu 1944 ndi 11th East African Division, ngati agogowo analembapo kanthu musikanenso kuseriko. Abale ake adzakuthokozani kuposa za A2.

MayiWaGalasi: Tili pomwepa, alipo amene ali ndi galasi la non-reflective la 2 mm ku Blantyre kuno? Kumene ndimagula akuti latha kuyambira mwezi watha.

Tadala_Design: Inenso ndikulifuna, mukalipeza mundiuze.