Sukulu zogonera komweko za ku England, mwana amakhala bwanji kumeneko?

MayiWaJuni:
Moni nonse. Ndili ndi mnyamata wa zaka 10, ali Year 5 kuno ku England, ndiye aphunzitsi ake anandiitana nkundiuza kuti mwanayu mutu ukugwira, bwanji tiyese kumulembetsa ku sukulu zogonera komweko zija monga Eton, Harrow kaya Winchester, akuti kuli ma bursary, thandizo la fizi. Bambo ake angoti tipite nazo basi koma ine mtima ukukana. Ndalama tilibe inde, koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi moyo wake kumeneko, amagona bwanji, akadwala usiku amuona ndani, nanga mwana wakuda pakati pa ana a anthu olemera sakasalidwa? Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

Kachere77:
Mayi, ine ndinagwirako ntchito pa sukulu ina yotero, ndinkathandiza matron, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso. Mwana sakhala mu hositelo imodzi yaikulu ayi, amagawidwa m'nyumba, nyumba iliyonse ana mwina 50 kapena 60, ndipo wamkulu wake ndi housemaster amene amakhala momwemo ndi banja lake, mkazi, ana, nthawi zina ndi galu yemwe. Matron ndi amene amaona zochapa, mankhwala, ndi amene amadziwa kuti uyu lero sanadye. Mwana akadwala usiku amagogoda kwa iyeyo, ndipo pasukulu pamakhala kachipatala kokhala ndi manesi.

Tsiku lawo ndi lothina zedi. Kudzuka cha m'ma 7, kudya, ku chapel kapena ku asembule, makalasi mpaka masana, kenako masewero, rugby, kiriketi, hockey, ena kupalasa bwato pamtsinje, kubwerera mkalasi madzulo, akadya mgonero nkukhala pansi kulemba prep, homuweki yawo, ali zii. Loweruka m'mawa amaphunziranso. Mafoni a ana aang'ono timatolera asanagone. Mkalasi amakhala ochepa moti mwana sangabisale kumbuyo, ndipo aliyense ali ndi tutor womutsatira. Amalemba mayeso a GCSE ali ndi zaka 16, A-level ali ndi 18. Nyimbo, zisudzo, Chilatini, zonse zilipo, mwana wokonda kuphunzira amasangalala ndithu.

Koma masabata oyamba ndi owawa mayi. Ndikukumbuka kamnyamata kena kankabwera kuchipinda chochapira madzulo aliwonse kudzafunsa sokosi zake, pomwe sokosizo zinali mkabati mwake, kankangofuna munthu wamkulu woti kayime naye pafupi. Ndinkakapatsa zovala kuti tipinde limodzi mpaka kanazolowera.

BamboWaMaNight:
Ndionjezere za ndalama ndi kalembetsedwe poti mwati ali Year 5, nthawi ndi yomweyi. Sukulu zimenezi zimatenga ana ali ndi zaka 13 koma kulembetsa kumayamba kale kwambiri, ku Eton amafuna dzina lilowe pofika kumapeto kwa Year 5, kenako mu Year 6 amalemba mayeso a pa kompyuta a ISEB, Chingerezi, masamu ndi mafunso oyesa kaganizidwe, akakhoza amamuitana ku intavyu. Fizi ndiye musafunse, kuyambira Januwale 2025 boma linaikapo VAT ya 20% ndiye ku Eton yadutsa £60,000 pa chaka. Musasokoneze scholarship ndi bursary, scholarship nthawi zambiri ndi ulemu chabe amachotsa pang'ono, bursary ndi imene amaona malipiro anu, lendi kaya mortgage, ndalama za ku banki, ndipo ena amawalipirira yonse. Mufunsenso ngati ikukwanira yunifolomu ndi maulendo, chifukwa ku Eton amavala jekete lakuda lamchira lija, ku Harrow chipewa cha udzu, zinthu zimenezi sizotchipa.

Musangoyang'ana mayina atatu okhawo. Christ's Hospital ku Horsham inayamba mu 1552 ngati sukulu ya ana osauka ndipo mpaka lero ana ambiri kumeneko amathandizidwa fizi, anyamata ndi atsikana omwe, mitundu yosiyanasiyana. Zilikonso sukulu zaboma zogonera komweko zomwe mumalipira malo ogona ndi chakudya basi. Mwana wanga wamkazi analowa sukulu ina ali ndi zaka 16 kukachita A-level ndipo zinamuyendera.

Namzeze:
Ine ndiyankhula mosiyana, mundikhululukire achimwene. Ndi zoona Eton ndi ya 1440, inayambitsidwa ndi mfumu Henry VI, yatulutsa nduna zazikulu 20 za dziko lino kuphatikizapo David Cameron ndi Boris Johnson, Churchill anaphunzira ku Harrow, zonsezo sindikutsutsa. Koma mbiri ya sukulu zimenezi ilinso ndi misozi yambiri. Kale ana aang'ono ankatumikira akuluakulu ngati antchito awo, kukwapula kunaletsedwa mu sukulu zolipira mu 1999 momwemu pomwe mu zaboma kunatha mu 1987. Bungwe lofufuza za nkhanza zogwirira ana la IICSA linatulutsa lipoti mu 2022 lokhudza sukulu zogonera komweko, linapeza kuti akuluakulu ena ankateteza dzina la sukulu kuposa mwana. Palinso katswiri wa za maganizo Joy Schaverien amene wakhala akuthandiza akuluakulu omwe anatumizidwa ali ndi zaka 7 kapena 8, anthu oti anaphunzira kubisa kulira ali aang'ono moti akula osatha kuuza ngakhale mkazi wawo zomwe zili mumtima. Zimandiwawa kwambiri zimenezi. Mwana wazaka 13 akusowabe mayi ake, ndipo wanu akakhala yekha wakuda m'nyumba yonse, anzake akukamba za holide ku Switzerland iye alibe chonena, adzakuuzani pafoni kuti zili bwino pofuna kuti musadandaule.

MayiWaJuni:
Zikomo nonse. Achemwali a Namzeze mwanena zomwe zili mumtima mwanga ndendende, mwana wangayu ndi wofatsa, sadandaula ngakhale zikumupweteka. A Kachere, kodi kumuona ndi kangati pa teremu? Ndipo kusalana munakuonako?

Kachere77:
Chaka chili ndi materemu atatu, pakati pa teremu iliyonse pali half term amabwera kwanu sabata yathunthu kapena kuposa, komanso pali ma exeat, wikendi yomwe nyumba imatsekedwa ana onse nkupita kwawo, ndiye sipadutsa masabata ambiri musanamuone. Loweruka masana makolo amabwera kudzaonera mpira, mukhoza kumapita. Sukulu zina zimalola mwana kugona komweko mkati mwa sabata nkumabwera kunyumba wikendi iliyonse, kwa mwana wofatsa ngati wanuyo ine ndingayambe nazo zimenezo.

Kusalana kulipo mayi, sindikunamizani. Ana ochokera ku Nigeria, Hong Kong ndi mayiko ena ndi ambiri masiku ano kotero sadzakhala yekha pasukulu, komabe mawu onyoza ndinawamvapo, ndipo zimatengera housemaster. Wina ankaitana ana onse usiku womwewo nkuithetsa nkhaniyo, makolo nkuimbiridwa foni, wina ankangoti ndi zachibwana zisiyeni. Sukulu imodzi yomweyo koma nyumba ziwiri moyo wosiyana kotheratu. Ndiye mukapita pa open day musatengeke ndi nyumba zakale ndi kapinga, pemphani kuonana ndi housemaster, mumufunse kuti mwana akanyozedwa chifukwa cha khungu amatani, akakhala kuti sakudya amadziwa bwanji, ndipo muone ngati ana akumuyankhula momasuka akamadutsa. Muwerengenso lipoti la ISI, bungwe loyendera sukulu zolipira, la sukuluyo, lili pa intaneti. Mumutenge mnyamatayo paulendowo, pobwerera mumufunse muli awiri bambo ake palibe, chifukwa pamaso pa bambo angovomera. Kulembetsa dzina pano sikukukakamizani kumutumiza, mukhala ndi zaka zitatu zomuona mmene akukulira.