Za risiva ya mawu ija, ndagula ndipo ikulira

Abale, mwezi watha ndinakufunsani ngati ndigule soundbar (sipika imodzi yayitali yoika pansi pa TV) kapena risiva ya 5.1 (makina oyendetsa masipika asanu ndi sabuwufa, sipika ya mawu a besi) yoika pabalaza langa kuno ku Dedza boma. Ambiri munati risiva, ndiye ndatenga Yamaha yakaunjika ku Lilongwe.

Amene munandichenjeza za magetsi, zikomo. Ina imene inanditenga mtima inalembedwa 120V kumbuyo, ya ku America, pomwe kuno n'kwa 230V. Ikanapsa tsiku lomwelo.

Ntchito inakula pa masipika akumbuyo. Mpando wathu unagunda khoma, ndiye ndawapachika m'mbali mwake, pamwamba pang'ono pa mutu wa munthu wokhala pansi. Kenako ndinaimika kamaiki ka YPAO (njira ya Yamaha yodzichunira yokha mawu) pomwe pamakhala mutu, ana nditawatumiza kwa agogo kuti nyumba iti zii, makinawo n'kudziyezera okha mtunda wa sipika iliyonse. Crossover, malire omwe mawu a besi amayambira kupita ku sabuwufa, ndaisiya pa 80Hz.

Sabuwufa itakhala pakona inkanjenjemeretsa malata ndi mbale za m'kabati mpaka mayi a kunyumba kudandaula, ndiye ndaisendeza pang'ono. TV ndalumikiza pa HDMI ARC (polowetsa waya wotumiza mawu a TV ku risiva), koma mapulogalamu ambiri amabwera ndi stereo basi, akumbuyo aja amangokhala chete pokhapokha nditsegule Dolby Pro Logic, yomwe imagawa mawu a stereo ku masipika onse.