Gulu la banja: za opaleshoni yachiwiri ya achimwene

Chemwali a ku Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse. Tangotuluka kumene ku Gulupu. Adokotala ati papita miyezi 7 chichotsereni thumbo lakumunsi lija koma bala silikupola, ndiye kutsuka ndi kumata kokha sikukwaniranso. Pakufunika opaleshoni ina.

Malume a ku Ndirande: Inanso? Munthu woonda chonchi? Ine ndimati tiyeseko kaye zakumudzi.

Chemwali: Pepani malume, pabalapo tisapakepo kanthu. Akuti pomwe panali thumbopo panatsala mphako mkati, khungu likati litseke mafinya amaboolanso. Apala zowola zonse, kenako atenga mnofu wa mkati mwa ntchafu, osaudula ku mtsempha wake wa magazi, n'kuulowetsa m'mphakomo kuti mudzaze nyama yamoyo.

Azakhali a ku Zomba: Mayo ine. Nanga mwendowo adzayendera?

Namwino wathu: Adzayenda azakhali, minofu ina imagwira ntchitoyo. Nkhawa yanga ndi thupi lawo. Matenda awo a Crohn, otupitsa matumbo aja, amalepheretsa matumbo kuyamwa bwino chakudya, komanso prednisolone uja, mankhwala ochepetsa kutupa, amachedwetsa bala kupola. Koma asamusiye okha mwadzidzidzi, adokotala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono. Pofika tsikulo akhale atadya mazira, nsomba, nkhuku, phala la Likuni. Ndiye fodya uja, malume, amamvera inu nokha.

Malume: Wafodyayo ndisiyireni, ndipita Loweruka.

Chemwali: Magazinso akuti ngochepa. Anyamata, musangowerenga n'kukhala duu, ndikukuonani.

Chitsiriza: Ine ndi anzanga awiri tikapereka Lachisanu.

Mlamu: Zikomo nonse. Masana ndizikhalako ndekha, koma usiku ana alibe wowasiyira. Komanso malo a balawo mukuwadziwa, bambo akunyumba amachita manyazi, bola kuzigona mwamuna.

Achimwene a ku Johannesburg: Kugona sindingathe, ndalama nditumiza pakutha pa mwezi. Nditumize kwa ndani?

Chemwali: Kwa ine pa Airtel Money, ndizilemba zonse pompano. Khomo lililonse K20,000, wosakwanitsa abweretse chakudya.

Azakhali: Ine nkhuku ziwiri ndi mazira. Koma ndifunseko, thumba la chimbudzi la pamimba lija alichotsa ulendo uno?

Namwino wathu: Ayi azakhali, limenelo ndi lokhalitsa poti njira yakumunsi anaitseka. Chemwali, pa ndalamazo mupatuleko ya matumba, atsala 6 okha.

Malume: Usiku woyamba ndigona ine. Wina andibwereke mkeka.