Mjigo watuluka madzi amchere, kontilakitala akuti ndisayine

Mlangizi wa zamadzi, Ngabu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mjigo womwe anthu adapempha kudzera ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) ndi ADC (komiti ya chitukuko ya dera) mpaka kulowa m'pulani ya khonsolo wakumbidwa. Madzi alipo ambiri, koma ndi amchere. Amayi akuti nyemba sizikupsa, sopo sakuchita thovu, moti abwerera kokafukula mchenga kumtsinje. Kontilakitala akundikakamiza kusayina kuti ntchito yatha. Nditani?

Mlangizi mnzake, Bangula:
Musasayine, achimwene. Lilime si umboni. Yezani ndi mita ya EC (yoonetsa kuchuluka kwa mchere m'madzi), madzi ena muwatumize ku labotale. Muyezo wa dziko lino wa madzi apamjigo, MS 733, umalekezera pa 3,500 µS/cm pa mita ya EC. Bwana DWDO, mkulu wa zamadzi kukhonsolo, mukawapatse zotsatira zolembedwa, osati zapakamwa.

Woyang'anira ntchito, Chikwawa boma:
Werenganinso kontilakiti. Adasankha malo ndani? Ngati kontilakitala adapima yekha nthaka, onani zomwe adalonjeza pa mjigo wolephera. Koma ngati adangolozeredwa pokumba, mamita omwe wakumbawo adzawalipiritsa ndithu.

Wokumba mijigo, Nchalo:
Chigwa cha Shire chinochi, mabwana, madzi okoma ndi amchere amakhala mosanjikizana, ndipo kuzamitsa si mankhwala ayi. Nthawi zina okoma ali pamwamba, ukapitirira n'kuboola amchere, zonse zasakanikirana. Ife timayeza paliponse pomwe takumana ndi madzi tikukumba. Mufunseni kontilakitalayo akuonetseni zomwe ankalemba pokumba. Zikakhalapo, mwina gawo lamcherelo lingatsekedwe ndi simenti. Zikasowa, ndiye ankangoboola mwachimbulimbuli.

Mayi injiniya, Nsanje:
Chimandipweteka n'chakuti vutoli limayambira pa pulani. Malo timasankha pamsonkhano, kuyang'ana kuchuluka kwa anthu ndi mtunda, osafunsa kuti mijigo yoyandikana nayo ikutulutsa madzi otani. Lamulo la zamadzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority (NWRA) kuti liziyang'anira madzi a m'dziko muno, ndipo zolembedwa za pansi pa nthaka n'zofunika tisanakumbe, osati titataya kale ndalama. Mudzi womwe wazunguliridwa ndi mchere tiziulembera zokumba pomwe pali madzi okoma, nthawi zambiri kufupi ndi mitsinje yotsika kumapiri, n'kuwakoka ndi sola ndi mapaipi. N'zodula, inde, koma anthu amamwa. Mukamakumbanso mukweze chikhazikitso cha pampu. Namondwe Freddy mu 2023 adamiza mijigo yambiri kuno.

Mlangizi wa zamadzi, Ngabu:
Zikomo nonse. Mita ndabwereka, madzi apitirira muyezo, ndipo zolemba za pokumba akuti alibe. Lipoti ndikupereka mawa osasayina. Mayi, mungandithandize kalembedwe ka pempho la mapaipilo lisanakafike ku ADC?

Mayi injiniya, Nsanje:
Yambani mwayeza mijigo yonse yozungulira mudziwo, munditumizire manambala ndi malo ake.