Ndalama za boma zokonzera tauni yathu ya Lilongwe zimadutsa kuti?

Mayi wa kaunjika ku Tsoka:
Abale ndithandizeni. Timangomva pa wailesi kuti kuli ndalama zachitukuko zomwe boma limapereka osabweza, koma ife ogulitsa ku Old Town kuno tingazifikire bwanji? Mvula ikagwa kuchokera ku depoti mpaka Malangalanga ndi matope okhaokha, ngalande zadzaza zinyalala, zimbudzi nzochepa ndipo kukangoda makasitomala onse athawa poopa akuba. Ife tikufuna mashedi ndi magetsi basi, kodi kalata tilembere ndani?

Bambo a ku Kawale:
Mayi choyamba musiyanitse zinthu ziwiri, ambiri amasokoneza. Za NEEF zija, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi, ndi ngongole, mubweza ndi chiwongola dzanja chake. Zosabweza zokonzera msika sapatsa munthu m'manja ayi, zimadzera ku khonsolo malinga ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, nde khonsolo ya mzinda ili ndi gawo lochokera ku boma, ili ndi zake zomwe imatolera monga ma city rate (msonkho wa nyumba ndi malo), malaisensi ndi ziphaso zomwe mumadula tsiku ndi tsiku zija, komanso pali CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu wanu. Yambani ndi khansala ndi komiti yachitukuko ya wadi yanu kuti shediyo ilowe mu pulani bajeti isanadutse, ikaphonya pamenepo mudikira chaka china. Mukamva za GESD, pulojekiti ya World Bank yopereka ndalama zachitukuko ku makhonsolo, musathamangire, imeneyo ndi ya makhonsolo a maboma osati a mizinda.

Mnyamata wa kabaza, Mchesi:
Zoona bambo koma ine mtima umandiwawa. Ndalama zikuluzikulu zimathera mu misewu, onani interchange ya ku Area 18, onani Kenyatta wa malaini sikisi uja, ngakhale mlatho wa Lilongwe anakuza ndi thandizo la Japan, zabwino ndithu sindikukana ifenso timadutsa pomwepo, koma wogulitsa tomato m'mbali mwa msewuwo wapindulanji? Chisamukire likulu kuchoka ku Zomba mu 1975 maso onse ali ku City Centre ndi Capital Hill pomwe ndalama ya munthu wamba imazungulira ku Bwalo la Njobvu ndi mu msika waukulu. Ndipo amayi musamale, mawu oti kukonza tauni nthawi zambiri amayamba ndi kusamutsa mavenda. Musanavomere funsani kuti pomanga mukhala kuti, ndipo akamaliza mabenchi agawa bwanji, zilembedwe papepala asayine.

Anti a banki mkhonde, Area 25:
Mwanawe wanena zenizeni pa nkhani ya mabenchi. Ine ndionjezere kuti munthu mmodzi samumvera asisi, pangani gulu mulembetse ngati kopaletivi, mukhale ndi akaunti ku banki ndi buku la misonkhano. Alimi omwe analandira thandizo la AGCOM, pulojekiti ya boma yotukula ulimi wa bizinesi, anadzera mmenemo, gulu limaikapo gawo lake kenako pulojekiti nkuonjezera zotsalazo, opereka ndalama amafuna aone kuti nanunso mwatulutsa kanthu m'thumba. Chinanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, nde muli ndi mphamvu yolemba kalata kufunsa kuti ziphaso za msika wanu zatoleredwa zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Lembani makalata awiri, imodzi akudindireni ikhale yanu.

Mayi wa kaunjika ku Tsoka:
Zikomo nonse mwanditsegula m'maso, Loweruka ndikambirana ndi a komiti ya msika tiyambe ndi khansala. Asisi a ku 25, polembetsa kopaletivi pamafunika anthu angati, nanga ogulitsa kaunjika ndi ansapato angakhale gulu limodzi?