Guluu wa mapepala a pakhoma wakana kuchoka, ndithandizeni

Abale anga, ndalowa nyumba ya lendi ku Chibavi mwezi wathawu. Amene ankakhalamo anamata mapepala okongoletsa khoma pabalaza ponse. Ndawamatula onse koma guluu watsalira, akunanda m'manja ndipo fumbi likungokakamira pomwepo. Ndayesa madzi ofunda ndi sopo waufa, n'kumapala ndi mpeni wakale, koma pulasitala wayamba kugumuka. Chinyezi cha kuno ku Mzuzu mukuchidziwa nokha, khoma silikuuma msanga, pangodya pena payamba kale kuchita nguwi.

Mnzanga akuti ndisakanize viniga ndi madzi otentha, kodi zimathandizadi? Alandilodi andilola kupenta. Ndiye ndingapake penti pamwamba pa guluu wotsalayo, kapena adzamatuka? Amisiri muli muno, chonde ndiuzeni ndisanawononge khoma la eni ake.